Chopanira Waya cha a Chimwaza

Ndinawadziwa a Fredson Chimwaza mu 1986, chaka chimene ananditumiza kukagwira ntchito ya unamwino pa kachipatala ka mishoni kufupi ndi Kaluluma. Nditangofika ndinawapeza atakhala pakhonde, makina athu oyezera kuthamanga kwa magazi ali pamwendo, akufinya kampira kake khutu lili pafupi. Ndinayesa ndi odwala. Koma ayi, anawaitana kudzamata ndowa yodontha, ndipo ndowayo inali pambali, osaigwira n'komwe.

"A Nesi, mpweya umenewu ukalowa umatulukira pati?" anandifunsa tisanalonjerane ndi kulonjerana komwe.

Anali bambo wamfupi, wa zaka za m'ma makumi anayi, zala zake zodzaza ndi zipsera za malata. Kwawo kunali ku Njombwa. Sukulu analekeza Sitandade 4, nakalowa ntchito pa esiteti ina, kumene ankakhoma mapaipi a malata odutsamo moto m'mabalani owotchera fodya. Utsi utayamba kuwavuta m'chifuwa anasiya ntchitoyo n'kudzamanga kachisakasa pamalo ochitira malonda, nayamba kumata ndowa, kukonza njinga ndi nyali za mafuta. Akazi awo, mayi Dailes, ankati m'nyumba mwawo munalibe chinthu chomanga ndi sikuluwu chimene sichinatsegulidwepo. Tochi, loko wa chitseko, ngakhale makina osokera amene anabwereka kwa mlamu wawo, zonse anaziona m'mimba. Zambiri ankazibwezeretsa bwinobwino. Zina zinkatsala m'chitini.

Pachipatalapo panalibe lamya. Tinali ndi wailesi yolankhulirana, yoyendera batire, imene tinkaitanira ambulansi kuboma mayi akavutika pobereka. Kuchokera kumbuyo kwa wailesiyo, chingwe chakuda chinkatuluka pawindo n'kukwera mlongoti wa bulugamu mpaka pa eriyo. Mwezi wa Okutobala kunadutsa kavuluvulu wamkulu wochokera m'minda yosalima, nagwedeza mlongoti, chingwe n'kuzuka pa kapulagi kachitsulo kamene kamalowa m'wailesi. Wailesi inangotsala ndi phokoso ngati la mvula padenga. Kwa masabata angapo tinkatuma munthu panjinga kukaima kumsewu waukulu kudikira galimoto iliyonse.

Kenako kunabwera katswiri wochokera ku Lilongwe, a Lameki, munthu wofatsa wa magalasi. A Chimwaza tsikulo anali padenga la chipatala akukonza ngalande ya madzi. Ataona bokosi la zitsulo likutsegulidwa anatsika makwerero, nadzanjuta pambali pa mlendoyo.

A Lameki anadula nsonga ya chingwe n'kuisenda ndi mpeni. A Chimwaza anatola kachidutswa kamene kanagwa pansi, nakatembenuzatembenuza.

"Ine ndimayesa ndi waya wamba. Taonani a Nesi, pakati pali kawaya kamkuwa kamodzi, kenako choyera ichi ngati mtima wa phesi, kenako aluka ngati dengu. Bambo, alukiranji?"

"Choluka chimenecho ndi mpanda," a Lameki anayankha. "Mawu amayenda m'kawaya kapakatiko. Mpandawo umaletsa kuti asatayike panjira, ndiponso kuti phokoso lakunja lisalowe."

"Mawu amatayika ngati madzi?"

"Pafupifupi choncho."

Anaveka kapulagi katsopano, nasunthira kamkombero kachitsulo pamwamba pa cholukacho. Ndiye anatulutsa chida chonga pulayala wamkulu, chamabowo m'kamwa mwake. Anafinya, chinalira kuti khe, khe, khe, n'kudzitsekula chokha. Kamkombero kaja, kamene kanali kozungulira, kanatuluka kali ndi mbali zisanu ndi imodzi ngati kachipinda ka m'chisa cha njuchi. A Chimwaza anapempha kuti akoke. Anakoka mpaka mitsempha kuoneka pakhosi, koma sikanasunthe.

"Popanda moto, popanda mtovu," anatero chapansipansi.

A Lameki anasangalala nawo. Pochoka anawasiyira chingwe chotsala ndi timapulagi todzaza dzanja, nati chingwe chikadzazukanso iwo angathe kukonza, koma apeze chopanira choyenera, asayese ndi pulayala wamba.

Mawa lake lomwelo a Chimwaza anayesa ndi pulayala wamba. Kamkombero kanaphwatalala ngati chitsekero cha botolo chopondedwa ndi ngolo, ndipo kawaya kapakati kanakhudzana ndi mpanda. Sanagwe ulesi. Anatenga pulayala wakale ndi tupa, nakhala dzinja lonse akupala bowo la mbali zisanu ndi imodzi m'kamwa mwake. Ankabwera ndi chidacho kuchipatala kudzandionetsa. Choyamba bowo linakula, kapulagi n'kumangovuka. Chachiwiri linachepa, n'kudula choluka chija. Chachitatu chinaoneka bwino ndithu, koma mbali ya kunsonga inkapana pang'ono kuposa ya kumbuyo, poti pulayala amatseka ngati sizasi.

"Tsopano ndamva chimene amanena bambo aja," anandiuza. "Si mphamvu ayi. N'kupana mofanana mbali zonse nthawi imodzi."

Timapulagi titatsala pang'ono kutha, asisitere oyang'anira chipatala anavomera kuti chopanira chigulidwe, chizikhala chachipatala, ndipo a Chimwaza ndiwo akasankhe. Inali nyengo yogulitsa fodya. Anapempha malo pa lole ya esiteti imene inkapita ku okushoni ku Kanengo, nakwera pamwamba pa mabelo, khadi la chipani m'thumba la malaya, chidutswa cha chingwe atachikulunga m'mpango.

Zimene zinachitika ku Lilongwe anandifotokozera kangapo, ndipo nthawi iliyonse ankawonjezera kena. Anayenda masitolo ambiri akuwaonetsa mapulayala a njinga ndi a magetsi. Pomaliza anafika m'sitolo ina ya zamagetsi mumene munkagulitsa mtsikana wina dzina lake Zelesi. Iyeyo anatsitsa zopanira zitatu pashelefu nanena mosabisa kuti chiyambire ntchito sanaonepo munthu akugula, ndipo sadziwa kusiyana kwake.

"Ndiye tidziwire limodzi, achemwali," anatero a Chimwaza, namasula mpango.

Choyamba chinali chachikulu, chokongola, chazigwiriro zofiira. Atalowetsa chingwe chawo m'mabowo ake onse anapeza kuti chikungosewera: chopaniracho chinapangidwira zingwe zonenepa. Anachiika pambali. Chachiwiri chinali chopepuka, bowo lake logwirizana bwino ndi chingwe, ndipo chinkatseka ndi kutsekuka mmene dzanja lafunira. Chachitatu chinali cholemera, chakuda, chonga cha a Lameki chija. Ukayamba kufinya sichinkalola kubwerera pokhapokha utafika kumapeto.

Zelesi anakapempha mwini sitolo kuti ayesere pomwepo, ndipo analola. A Chimwaza anapana kapulagi kamodzi ndi chopepuka chija, kena ndi cholemera. Timapulagi tiwiri tonseto tinagwira. Mtima wawo unali pa chopepuka, chifukwa moyo wawo wonse anakhulupirira dzanja lawo, ndipo sankakonda chitsulo chowauza polekezera.

"Tandipatsani nane ndiyese," anatero Zelesi.

Anafinya chopepukacho ndi manja onse awiri mpaka anaona kuti wakwanitsa. A Chimwaza atakoka pang'ono, kapulagi kanatsala m'manja. Anayesanso ndi cholemera chija. Analeka pakati atatopa, koma chida chinakana kutsekuka, nayenera kutsamira pakauntala kuti amalize. Kameneko sikanavuke.

"Pamenepo ndinaganiza za inu, a Nesi," anandiuza. "Ine ndingapite kumaliro, ndingadwale. Wotsala ndi wailesi ndinu." Kenako anaseka. "Komanso ndisaname. Ndinkafuna kuona chimene chimalira m'katimo."

Anachionadi. Anagula cholemera chija, koma asanachibweretse kuchipatala n'komwe, anakhala pakhonde la kwawo n'kumasula timasikuluwu ta pambali. Anapeza kachitsulo ka mano ngati a sowo, ndi kadzino kena kokola manowo. Akuti aone chimene chimakankha kadzinoko, kasipuling'i kakang'ono kanadumpha n'kukagwera pamphasa pamene mayi Dailes anayanika chimanga chotongola. Anasanthula ndi manja mpaka dzuwa kupendeka, osakapeza. Kwa masiku angapo ankandizemba. Ndikadutsa pachisakasa chawo ndinkangoona msana, ali jijirijijiri ndi njinga ya munthu.

Anandiuza ndi mayi Dailes, atabwera kusikelo ndi mdzukulu wawo.

"Chitsulo chanu chija bambo a Louisa anachichita opaleshoni," anatero. "Chimanga changa chonse aletsa kupita nacho kuchigayo. Ndikupeta pang'onopang'ono, lichero limodzilimodzi. Sakudya bwino, mwina muwalankhule."

Ndinapita. Ndinawapeza awiriwo atakhala pansi, mayi akupeta, bambo maso ali palichero. Sindinawakalipire, poti nkhope yawo inali yokalipiridwa kale. Ndinakhala nawo n'kumathandiza kusankha. Kasipuling'iko kanapezeka tsiku lina m'thumba lomaliza, ndipo anakapeza ndi mayi Dailes. Asanakapereke anawalumbiritsa amuna awo kuti makina osokera a mlamu wawo sadzawagwiranso.

Chopanira chitabwerera m'chimake, mbiri yake inali itafala kale, koma yokhota. Anthu amene anachiona patali anati a Chimwaza agula chothenera ng'ombe, ndipo bambo wina anafika m'mawa ndi nkhunzi yake pachingwe. Ena anati ayi, n'chida cholankhulira ndi anthu akunja kwa dziko. Mawu amenewo masiku amenewo sanali oseka nawo. Tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu, a Jeremiya, anabwera kuchipatala ndi nkhope yolimba, nati achione.

A Chimwaza sanadziteteze ndi mawu ambiri. Anasenda chingwe, naonetsa kawaya kapakati ndi mpanda wake, n'kuwapatsa a Jeremiya chopanira kuti afinye okha. Chinalira khe, khe, khe. A Jeremiya anayang'ana kamkombero kaja nthawi yaitali, nawerenga mbali zake ndi chikhadabo.

"Bwanji sanapange zinayi?" anafunsa.

"Funso limenelo likundivuta nanenso, a Tcheyamani."

Anakhala pabenchi mpaka masana akukambirana zimenezo, odwala akuwalambalala. A Jeremiya anachoka ndi kapulagiko m'thumba, ndipo nkhani ya akunja sitinaimvenso.

Anandiphunzitsa kusenda chingwe osadula choluka, ndi kuonetsetsa kuti palibe kaulusi kamodzi ka mpanda kokhudza kawaya kapakati. Pazaka zimene ndinakhala kumeneko ndinapana ndekha kawiri, kamodzi chingwe chitatafunidwa ndi makoswe m'denga. Mamanijala a maesiteti oyandikana, amene analinso ndi mawailesi otere, anayamba kutumiza thalakitala kudzawatenga a Chimwaza, ndipo asisitere ankawabwereka chopaniracho. Kumaesitetiko ankachedwa kubwerako, chifukwa akamaliza chingwe ankapempha kuona injini yopopa madzi.

Chaka cha chilala, 1992, ntchito ya ndowa ndi njinga inachepa, ndipo maso awo anayamba kuchita ng'ala. Iwo ndi mayi Dailes anasamukira kwa mwana wawo Louisa, amene anakwatiwa ku Kaomba. Inenso chaka chotsatira anandisamutsira kuchipatala cha kuboma.

Kumeneko ndi kumene ndinawaona komaliza. Kunabwera madokotala a maso, ndipo pamzere wa okalamba odikira opaleshoni ndinamva mawu amene ndinawazindikira. Anali atawonda, ndodo ili pakati pa miyendo, Louisa atakhala pambali pawo. Nditawalonjera anandigwira dzanja osalisiya.

"A Nesi, mwabwera bwino. Awa akundiuza kuti sandigoneka tulo, angopha diso lokha. N'zoona?"

Ndinati n'zoona, ndipo asaope, sizipweteka.

"Sindikuopa. Ndimati mundipemphere kwa adokotala, diso linalo asaliphimbe ndi nsalu, ndizionerera. Likuonabe pang'ono."

Ndinawauza kuti zimenezo salola. Anadandaula pang'ono, kenako anapempha kuti chimene achotse m'disomo awasungire aone. Ndinakawauza adokotala, ndipo anaseka navomera. Atamasula bandeji, chinthu choyamba chimene a Chimwaza anayang'ana ndi diso latsopanolo chinali kanthu kachikasu konga njere ya mphodza, kali m'kabotolo. Anakayang'anitsitsa pawindo, napatsa Louisa kuti aonenso, kenako anapita nako kwawo ku Kaomba.