Chule Amene Anameza Nkhwazi

Ndikukumbukira denga la chipatala cha ku Minga kuposa denga la nyumba imene ndinabadwiramo, chifukwa ndinaliyang'ana milungu isanu ndi umodzi ndili chagada. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinali nditagwa pa ngolo ya thonje imene ndinakwera mozemba. Mwendo wamanzere anaupachika m'mwamba ndi chingwe, kumapeto kwake n'kumangirira kathumba ka mchenga. Fungo la mankhwala okolopera pansi linkamveka mpaka m'phala. Fupalo linkawawa ndithu, koma kusowa chochita kunkawawa koposa.

M'chipatalamo munali mayi wina wa ku Japani, wojambula mafupa, wamfupi ngati mwana wa giredi seveni. Chinyanja chake chinali "bwanji" ndi "pepani" basi. Tsiku lina anandipeza ndikulira popanda chifukwa chenicheni. Anatola kapepala ka m'bokosi la mankhwala, n'kukang'amba kuti mbali zonse zinayi zifanane, n'kuyamba kukapinda pa bondo langa labwinolo. Ankapinda, kukanda mzere ndi chikhadabo, kutembenuza, kupindanso. Kenaka anaika kanthuko pa thireyi n'kukadina kumbuyo ndi chala. Kanalumpha n'kugwera m'kapu yanga ya tiyi. Anali chule.

Kuyambira tsiku limenelo mutu wanga sunakhalenso bwino. Pepala lililonse lodutsa pafupi ndi bedi langa linkasanduka chule, ngakhale lamafuta lokulungira zitumbuwa. Mayiyo anandilonjeza ndi manja kuti adzandiphunzitsanso mbalame, koma adokotala anatsitsa mwendo wanga tsikulo lisanafike. Ndinabwerera kwathu ndikutsimphina, m'manja muli luso limodzi lokha.

Kwathu panthawiyo kunali pa kasukulu kena ka m'dera la Luembe, pamene bambo anga, a Sakala, ankaphunzitsa. Ku koleji anali asanapiteko. Anali mmodzi mwa aphunzitsi ongogwirizira aja, olembedwa chaka ndi chaka, amene ankachotsedwa akangobwera wa satifiketi. Chaka chimenecho fomu ya ku koleji inawapeza, ndipo unali mwayi wawo womaliza, pakuti chaka chotsatira akanapitirira msinkhu wololedwa. Anailemba ndi inki usana wonse wa Loweruka, lilime lili panja, n'kuisunga m'kati mwa Baibulo. Panatsala malo amodzi pansi penipeni, pofunika siginecha ndi chidindo cha a cheyamani a chipani m'wadi mwathu, a Njobvu, kutsimikiza kuti wopemphayo ndi munthu wokhulupirika. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo popanda chidindo chake ngakhale mbuzi inkavuta kugulitsa.

Ine za fomuzo sizinkandikhudza. Vuto langa linali mapepala, chifukwa ankasowa ngati shuga. Bambo ankalemba manambala pa tsamba lililonse la kope langa kuti ndisang'ambe. Choncho ndinkayenda maso ali pansi, kutola zikutiro za sopo, tonyezimira ta m'mapaketi a fodya, ndi thumba la simenti limene linanditulutsira chule wamkulu ngati tambala koma waulesi wosaneneka. Mapepala ndinawadziwa makhalidwe awo. Nyuzipepala ndi yofooka m'chiuno. Envelopu ya boma imalumpha kamodzi kokha, koma mwaulemu. Ndinaphunzitsa anzanga, ndipo mwezi usanathe sukulu yonse inkagwada pa khonde nthawi yopuma, kupikisanitsa achule ndi kubetcherana masau ouma.

Tsoka lake, chinali chaka cha chisankho. Ana a masiku ano ndikawauza izi amati ndikupeka. Pa pepala lovotera mtsogoleri wa dziko pankakhala munthu mmodzi yekha, ndipo wovota ankangosankha Inde kapena Ayi. Pofuna kuthandiza osadziwa kuwerenga, pa Inde anaikapo chithunzi cha nkhwazi, pa Ayi chithunzi cha chule. Ife ana tinkazimva patali, monga mmene tinkamvera za kuchedwa kwa feteleza. Zinali nkhani za akuluakulu.

Masana ena a Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kamvuluvulu anakanganula chipepala cha chipani pa mlambe wa pa mphambano n'kudzachiponya pa bwalo la sukulu. Linali pepala lolimba, losalala, lonunkhira inki, loti ndinali ndisanaligwirepo chibadwire. Malovu anadzaza m'kamwa. Chule amene anatuluka pamenepo anali mfumu ya achule onse. Pamsana pake panali diso la nkhwazi, ndipo mlomo ndi mapiko zinapindikira m'mimba. Nditamudina analumpha mapazi asanu ndi awiri, sukulu yonse n'kuyamba kuvina ikuimba kuti, "Chule wawina, chule wawina!" Nthawi yomweyo a Njobvu ankadutsa mu msewu pa njinga yawo. Mpaka lero ndimawamvabe mabuleki aja.

Mlandu unakhala m'mawa mwake m'kalasi la giredi seveni. Akomiti asanu anadzipanikiza m'madesiki a ana, maondo ali m'mwamba. Achule onse a pa sukulu anasonkhanitsidwa mu dengu, ndipo a Njobvu analamula kuti livundikiridwe ndi lichero, pamwamba paikidwe mwala. Chule wa diso la nkhwazi uja yekha ndiye anamuika pa tebulo. Bambo anaima pafupi ndi bolodi atavala tayi yawo imodzi yomweyo.

"Iwe mwana, kamba zoona," anatero a Njobvu. "Nindani anakutuma kupanga achule pa nthawi monga ino?"

"Kulibe ananituma. Ananiphunzitsa amai a ku Japani."

A Njobvu anatembenukira kwa mlembi wa komiti pang'onopang'ono. "Lembani. Maiko akunja alowamo."

"A Cheyamani, ni masewela chabe a ana," anatero bambo.

"Masewela? A Sakala, yang'anani bwino. Chule uyu wameza nkhwazi. Diso ili apa, mulomo uli m'mimba. Manje imwe mufuna nisaine kuti nyumba yanu ni yokhulupilika?"

Amai Daka, mtsogoleri wa amayi a chipani, ananena kuti mlandu suweruzidwa ndi mphekesera, komiti iyenera kuona yokha ngati chinthucho chimalumphadi. A Njobvu anakana kuchikhudza. Mlembi ndiye anachidina ndi pensulo, atatalikira ngati akutokosa njoka, ndipo chule anadumpha buku lonse la komiti. "Lembani kuti walumpha," anatero a Njobvu. Amai Daka anatsokomolera m'chitenje nthawi yaitali.

Amene anatipulumutsa tsikulo anali ahedi, a Mulenga, Mbemba wa lilime losalala amene ankawakonda bambo. Iwo anati mwanayu alibe ndale, ali ndi manja chabe, ndipo manja amene apinda Ayi angathenso kupinda Inde. Anapempha kuti ndipatsidwe masiku atatu ndipange nkhwazi, ikaoneka bwino a Cheyamani asaine fomuyo. A Njobvu anavomera monyinyirika. Achule a mu dengu anamangidwa ndi malegeni pa keliyala ya njinga n'kutumizidwa ku Nyimba ngati umboni. Mmene mlandu wawo unathera sindinamve.

Bambo sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanandimenya. M'malo mwake anatenga kope lawo lokonzera maphunziro, limene ine sindinkaloledwa ngakhale kulipumira, n'kuyamba kuthothola masamba osalembedwa. Tikaweruka tinkakhala pa mphasa pansi pa mango, iwo uku ine uku. Nkhwazi tinkaidziwa, tinkaiona pa mbendera ya sukulu tsiku lililonse, ndipo tinkaimva ikulira tikapita ku mtsinje wa Luangwa. Koma kuidziwa ndi maso ndi kwina, kuidziwa ndi zala ndi kwinanso. Zala za bambo zoyera ndi choko zinkapinda mwakhama n'kutulutsa chinthu chonga chitumbuwa chopondedwa. Zanga zinkati zikayamba bwinobwino, n'kukhotera njira yomwe ija ngati ng'ombe zobwerera kukhola. Ndinkafuna mapiko, panabwera miyendo.

Tsiku lachitatu ndinagonja n'kuyambira pa chule weniweni. Miyendo yakutsogolo ndinaitambasula kuti ikhale mapiko, kukamwa ndinakutsina kukhale mlomo, mutu ndinaupaka choko, mapiko makala. Inkaoneka ndithu ngati mbalame, koma ndikaiimika inkagwa chafufumimba. Njira yoti iime ndinkaidziwa imodzi yokha, kupinda kumbuyo kawiri monga ndinkachitira ndi achule. Ndinkadziwa bwino lomwe zimene kupinda koteroko kumachita, koma bambo sindinawauze. Mantha analipo, inde. Koma ndinene zoona lero, popeza ndakalamba: chinthu cha pepala chongokhala phee chinkaoneka chakufa kwa ine, ndipo mtima wanga sunafune kupanga maliro. Bambo anaitembenuza m'manja n'kumwetulira. "Yaoneka, Dailesi," anatero. "Yaonekadi."

Lachisanu komiti inadzipanikizanso m'madesiki. Bambo anayala fomu pa tebulo, ine n'kuimika mbalame yanga pamwamba pake.

"Ine niona monga nkhunda yodwala," anatero amai Daka.

"Ni nkhwazi yopumula, amai," anayankha a Mulenga. "Yagwila nchito maningi."

Mlembi anachitira umboni kuti mutu ndi woyera monga mwa lamulo. A Njobvu anazungulira tebulo kawiri manja ali kumbuyo, anawerama n'kuisuzumira kumimba, kenaka anakhala pansi. Anatulutsa cholembera. Anatulutsanso chidindo n'kuchiuzira mpweya wa m'kamwa. Koma mbalameyo inali itaima pamalo penipeni posainira, ndipo a Njobvu anaika chala pa mchira wake kuti aikankhire pambali.

Inalumpha. Kunali kulumpha kwabwino kuposa konse kumene ndinapangapo, kokwera, kotembenuka kamodzi m'malere. Inakatera pa chifuwa cha a Njobvu n'kusiya choko pa suti yawo ya safari. Palibe anaseka, ngakhale amai Daka. A Njobvu anadzisansa, anatseka cholembera, chidindo n'kuchibwezera m'thumba.

"Uyu ni chule wovala yunifomu ya nkhwazi," anatero. "Ndiye oipa kwambili amenewo."

A Mulenga anayesa kulankhula, koma njinga inali itatuluka kale pa geti.

Kuchokera m'kalasi kufika kunyumba panali pafupi, koma tsikulo panatalika. Bambo anali patsogolo fomu ili m'manja, ine pambuyo ndikutsimphina kuposa masiku onse kuti mwina andimvere chisoni. Amayi anga atationa nkhope anangonyamula ndowa n'kupita kuchitsime. Bambo anavula tayi, anakhala pa mpando pakhonde, n'kuiyang'ana fomuyo nthawi yaitali ngati pali mawu ena amene sanawawerenge. Atandiitana ndinapita nditakonzekera chikwapu.

"Ni pepala labwino ili," anatero. "Lisapite pachabe. Panga wako uja."

"Atata, nifuna lini," ndinakana.

"Panga, mwana wanga."

Kuti mbali zinayi zifanane ndinayenera kung'ambako kachidutswa, ndipo kamene kanachoka kanali ka pansi kaja, kopanda siginecha. Kenaka ndinayamba kupinda. Dzina lawo, lolembedwa ndi dzanja lawo, linathera pamsana pa chuleyo. Anamuika pa simenti n'kumudina ndi chala chawo chachikulu, ndipo anadumpha mpaka kupitirira mtondo. Bambo anaseka. Anaseka mpaka kumadzipukuta m'maso ndi tayi ija, ine n'kusekanso nawo, mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti nkhani yatha bwino. Zinanditengera zaka zambiri kuti ndizindikire chimene ankapukutacho.

Anaphunzitsabe zaka zingapo mpaka anabwera mnyamata wa satifiketi, iwo n'kubwerera kwawo kwa Kalindawalo kukalima thonje ndi nsawawa. Anthu a kumeneko sanasiye kuwatchula kuti aphunzitsi mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Za fomu ija sanazitchulepo, ngakhale atakwiya pa zifukwa zina, ndipo kusatchulako kumandiwawa mpaka pano.

Lero pepala lovotera limadzaza ndi nkhope za anthu, nyama anazisiya zipume. Mapepala ali mbwee, anthu amayatsira mbaula. Luso lija ndinamva kuti dzina lake ndi origami, ndipo Loweruka lililonse ana a kuno ku Petauke amadzaza pakhonde panga kudzapinda mbalame, maluwa, nsomba ndi achule ambirimbiri, popanda wowaitanira komiti. Satifiketi nanenso ndilibe. Makolo awo akabwera kudzawatenga amati, "Zikomo aphunzitsi," ndipo ine ndimachedwa kuyankha, chifukwa khutu langa limayamba ladikira kuti ayankhe eni ake a dzinalo.