Mluzu wa Amuna Anga Loweruka Madzulo

Amuna anga anali golokipa, ndipo nyumba yathu ya ku Kabwata tinaipeza chifukwa cha manja awo. Papepala anali kalaliki pa kampani ina ya boma, koma aliyense ankadziwa kuti anawalemba ntchito kuti azigwira mpira m'timu ya kampaniyo. Malipiro, zipinda ziwiri, mpopi wa madzi pakhomo, zonse zinkaima nawo pagolo Loweruka lililonse.

Ine kubwalo sindinkapita. Pakamwa panga mpoipa, ndikanamenyana ndi anthu owatukwana. Ndinkangodikira pakhomo. Koma munthu uja anali wovuta kumumvetsa, abale inu. Tsiku lina apambana bwinobwino, anzawo akuimba mu lole, iwo afika nkhope ili ndwii, chakudya n'kumangochitosa. Ndikafunsa ankati chigoli chimodzi chimene adani anapeza chinali chawo, anachedwa kutuluka. Tsiku lina agonja, koma ukuwamva akuimba mluzu kuchokera pakona, chifukwa mpira uliwonse umene munthu akanatha kuugwira anaugwira. Ankati kupambana n'kwa timu yonse, kugonjanso n'kwa timu yonse, chawo n'kudziwa ngati anaima pamalo oyenera. Ine ndinkawauza kuti mutu wawo anauika chozondoka, iwo n'kumangoseka.

Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ankapita okha kubwalo, jekete lili m'thupi, kukaima pagolo popanda mpira, kuyang'ana pamene unawadutsa dzulo lake. Ndinkachita nazo manyazi. Mpongozi wanga ankati ndiwasiye, anayamba ali mwana.

Ndiye kunabwera chaka chovuta, chija tinkaima pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira kuyambira m'mawa mpaka miyendo kutupa. Akuluakulu a kampani ananena mosabisa kuti timu ikagonja masewero omaliza n'kutsikira ku ligi yaing'ono, aithetsa, akalaliki a mpira onse azipita, nyumba tibweze. Ine ndinali ndi ana atatu, wachinayi ali m'mimba.

Loweruka limenelo ndinasesa pabwalo kawiri, ndinatsuka mbale zotsukatsuka kale. Dzuwa likupendeka ndinaumva mluzu uja pakona. Zaka zonsezo ndinkadziwa tanthauzo lake, koma mantha anandipusitsa. Ndinaliza nthungululu mpaka mayi a nyumba yoyandikana, Mbemba amene tinkabwerekana naye mbaula, anatuluka chitenje chili m'manja. Ndinawauza kuti sitisamuka. Ndinali nditagwira kale tambala wanga, mpeni uli poteropo, pamene amuna anga analowa pageti, nsapato za mpira zili pakhosi, chigongono chikuchucha magazi.

"Amake mwana, msiyeni tambalayo," anatero. "Atimenya chigoli chimodzi."

Ndinawalalatira, sindinama. Ndinawafunsa ngati ana adzagona mu mluzu, ngati munthu wanzeru amaimba pamaliro a nyumba yake. Ndinanena zambiri zimene mpaka lero zimandipweteka. Iwo anatunga madzi, anachapa jezi yawo okha monga ankachitira nthawi zonse, n'kuiyanika.

M'mawa mwake titatuluka m'tchalitchi anandipempha kuti ndiwaperekeze. Ndinapita ndikutukutira. Bwalo linali fumbi lokhalokha, mapepala akuuluka. Anandigwira dzanja n'kundiimika pakati pa golo. Mayo ine, kukula kwake! Ndinatambasula manja onse awiri, mtengo uwu uli kutali, winawo uli kutali. Anandisonyeza pamene anagwera kupulumutsa mpira wina, pamene anakankhira wina pamwamba, pamene anadziponya kumapazi a munthu n'kuchubula chigongono. Kenako analoza pakona yapamwamba, pomwe sindikanafika ngakhale nditakwera pampando.

"Unadutsa apo. Ndauganiza usiku wonse, sindikanaugwira. Nyumba ndaitaya, amake mwana, koma sindinaigwetse m'manja."

Ndinawafunsa ngati mpata wonsewu ankautseka okha zaka zonsezi. Anangogwedeza mutu kuvomera. Ndinalira pomwepo pagolo, mzimayi wamkulu, nditavala zakutchalitchi, ndipo ndinawakonda munthu ameneyu kuposa tsiku la ukwati wathu.

Mwezi usanathe tinakweza katundu pa lole kupita kwa achimwene anga ku Chelstone, anthu asanu m'chipinda chimodzi chakuseri. Mpira wa malipiro sanauseweranso. Koma tambala uja sanafike ku Chelstone. Ndinamupha Lamlungu lomwelo titangobwera kubwalo, ndipo ntchafu zonse ziwiri ndinaika m'mbale yawo.