Kabokosi Kanandineneza kwa Mayi a Esinati

Inu owerenga, anzanga akalamba ndi ndodo, ine ndakalamba ndi bodza. Ambiri mwa mabodza angawo anali oseketsa, koma lomalizali landisiyira chilonda.

Ndili msodzi pa Chilwa ndinkakhalitsa ku zimbowera, timisasa tathu toyandama tija. Matemba ndikagulitsa pa Kachulu ndinkayamba ndacheza kaye, kunyumba n'kukanamizira mwera. Mkazi wanga, mayi a Esinati, ankangondiyang'ana kumapazi n'kunena kuti mwera wa chaka chino ukudziwa kusambitsa munthu ndi sopo. Zinkathera pomwepo. Nyanja sinkaneneza munthu masiku amenewo.

Chaka chatha mayiwo anadwala. Esinati, mwana wathu wogwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre, anawatenga kuti akhale pafupi ndi chipatala. Ine anandikhomera kabokosi ka netiweki pakhoma, sola padenga, batire pansi, kuti tizionana ndi mayi ake pa foni. Anati ndisamakazimitse. Ndinavomera bwinobwino ngati mwana wa Sande sukulu.

Tsono pabwalo lathu la bawo wailesi inali itafa ndi njala ya batire. Masana aliwonse ndinkazula langa lija, kumanga pa njinga, ulendo. Madzulo akandiimbira ndinkadandaula kuti netiweki ya kuno kwa Mwambo ili ngati mlamba, siigwirika ndi manja. Mayi a Esinati ankaseka mpaka kutsokomola. Ine n'kumadziyesa katswiri.

Tsiku lina masewera anakoma, ndinabwerera dzuwa litapendeka. Nditalumikiza batire ndinapeza kuti anandifuna masana onse. Pamene ndinkaimba, mayi a Esinati anali atasiya kale kulankhula. Kutacha anatisiya.

Titaika maliro ndinamuuza Esinati bodza lomwe lija, kuti netiweki inavuta. Sanakalipe. Anatulutsa foni yake n'kundionetsa pulogalamu imene imalondera kabokosi kanga ali ku Blantyre komweko. Kakamayaka imalemba mzere wobiriwira, kakazima wofiira, ndipo imawerengera yokha kuti kakhala kozima nthawi yaitali bwanji. Sukulu ndinalekera panjira, koma mizere yofiirayo ndinaiwerenga popanda mphunzitsi. Masana aliwonse inali ndandanda ngati nsomba zoyanikidwa pa thandala.

Ndinafunsa ngati mayi ake ankadziwa.

"Ababa, ankandifunsa tsiku lililonse. Ndikati kwafiira ankati, 'Basi ali bwino, apita ku bawo.' Kukabiriwira tsiku lonse m'pamene ankada nkhawa kuti mwina mwagona ndi malungo."

Nanga tsiku lomaliza lija? Esinati anati anafuna kuimbira anthu a pa Kachulu kuti adzandithamangire, koma mayi ake anamugwira dzanja.

"Asiye amalize masewera awo. Mwera ukatha abwera."

Chimene ankafuna kundiuza masana amenewo sindidzachidziwa. Mwina chinali cha munda wa mpunga, mwina ankangofuna kundiseka komaliza.

Amuna anzanga, mkazi akamaseka bodza lanu musamuyese wopusa. Analiona kalekale, wangosankha kukusungirani ulemu, ndipo ulemu umenewo musamaudye tsiku ndi tsiku ngati ndiwo. Ana akakuikirani chida choti muzimvana ndi wodwala, chisiyeni chiyake. Bawo mudzalipeza mawa pomwe munalisiya.

Kabokosi kakadali pakhoma, sindikakhudzanso. Esinati akuti mzere wanga tsopano ndi wobiriwira wokhawokha. Akanakhalapo mayi ake, bwenzi atatuma munthu kudzaona ngati ndikudwala.