Kachotupa pamkono, madzi m'beseni

Ndinakapeza ndikumusambitsa mwana wanga wamkulu, wamkazi, nthawi imeneyo asanayambe sukulu. Kachotupa pamkono, m'munsi mwa phewa, kukula ngati nandolo, kolimba. Ndikakadina kankathawira pambali. Mwiniwake osamva kuwawa, akungoseka.

Apongozi anga anati ndi mwanabere, upita wokha, ukapanda kupita timutemera mphini. Koma mwanabere ndimaudziwa, sukhala pamnofu. Ndinkakagwira m'mawa, masana, madzulo, mpaka mwana anayamba kundithawa. M'mutu mwanga munali khansa basi.

Ndinabereka wamng'ono kumsana, wamkulu ndinamugwira dzanja, ulendo wakuchipatala. Adokotala atakagwira anatitumiza kuchipinda cha sikani. Ine sikani ndinkadziwa ya kusikelo, yoonera mwana m'mimba, ndiye ndinawauza amayi a m'chipindamo kuti mwina atilozera molakwika, ine sindine woyembekezera. Anaseka pang'ono, anati makinawa sasankha, amaonanso mnofu.

Anamupaka pamkono mafuta ozizira aja, nkumayendetsa kachipangizo kawo pang'onopang'ono. Pagalasi panaoneka kathumba kakuda kozungulira, anati muli madzi, ndipo m'kati mwake chakumphepete munali kadontho koyera. Anakaloza ndi chala.

"Mukukaona koyerako, mayi? Ndi mutu wa kanyongolotsi. Si khansa ayi."

Ndinakhala pansi. Anati nzofanana ndi tija timaona m'nyama ya nkhumba, toyera ngati mpunga, timati masese. Ndinakana, ndinati ana anga nkhumba sanailawepo, ndimaopa masese omwewo. Apa ndi pomwe ndinali wosokera. Anati wodya nyama ya masese yosapsa bwino amakhala ndi njoka yaitali m'mimba. Njokayo imaikira mazira, amatuluka ndi chimbudzi, nkutsalira m'manja, m'madzi, pamasamba. Womeza mazirawo ndiye amatuluka zotupa, ngakhale akhale Msilamu woti nkhumba sanaikhudzepo. Anati nthawi zina zimakakhala m'mutu, munthu nkuyamba kugwa khunyu. Anandifunsa ngati mwana anakomokapo kapena kudandaula mutu. Ndinati ayi.

Kenako anafunsa kuti pakhomo pathu amadya nkhumba ndani.

Bambo a ana anga. Tsiku lamsika sabwera asanadye kanyenya wa nkhumba ndi anzawo. Ndipo pomwepo ndinaona beseni lathu. Kwathu tikamadya, beseni losambira m'manja ndi limodzi: amayamba bambo, kenako apongozi, kenako ine, ana pomaliza madzi atada kale. Amayi aja sananene kuti ndi beseni, anati njira nzambiri. Koma ine ndinkangoona timanja ta mwana wanga m'madzi amenewo.

Mwana anapatsidwa mankhwala, ndipo anati tonse apakhomo tikayezetse. Kufunsa mwamuna za kuchimbudzi si chinthu chapafupi. Ndinadikira apongozi atapita kudimba, ndiye ndinawafunsa bambowo. Anapitiriza kusenda nzimbe, kenako anavomera kuti akapita kuchimbudzi amaona tizidutswa toyera, ankayesa nzachabe.

"Ndiye mukuti mwanayu ndamudwalitsa ine?"

"Sindikutero, bambo. Ndikuti wamng'onoyu asadwalenso."

Anapita kuchipatala, anamwa mankhwala. Kachotupa kanachepa pang'onopang'ono mpaka ndinasiya kukapeza.

Beseni ndiye linavuta. Tsiku loyamba kubwera ndi jagi ndi sopo, apongozi anati tayamba zam'tauni, posachedwa tidzidyera mafoloko. Anatinso mwana sasamba akulu asanasambe. Ndinati asambe ndithu akulu poyamba, mwambo sindinauphwanye, koma aliyense madzi akeake. Ndinagwada, ndinawathirira. Anatambasula manja akung'ung'udza.

Pakhomo pa chimbudzi ndinapachika kachigubu ndi sopo pachingwe, pafupi poti ana afikire. Beseni lija lilipo, koma ntchito yake tsopano ndi kulandira madzi akuda, ndipo ndimakataya ndekha kutali ndi dimba. Ndikamawasambitsa ana ndimayendetsabe zala m'mikono, m'ntchafu, kumsana. Iwo amayesa ndi masewera.