Masitepe a ku Krabi

Achemwali, lero chakwana chaka chitisiyireni. Ndikukumbuka tsiku lija tili m'matatu kuchokera ku Westlands, munandionetsa pafoni zithunzi za Krabi, chigawo cha m'mbali mwa nyanja ku Thailand. Zimiyala zitalizitali zitaima m'madzi, komanso kachisi wa pamwamba pa phiri, wofikako pokwera masitepe oposa chikwi. Munati tidzakwera limodzi. Kuyambira tsikulo munakaniratu lifiti ya kufulati kwathu ku Parklands. Ine wefuwefu pansanjika yachinayi, inu mukuseka kutsogolo: “Iwe Tiyamike, kumeneko akakubereka ndani?”

Matenda anakutengani tisanapite. Koma tikiti ndagula, achemwali, ndipo lifiti ija sindinaikwerenso. Ndikakwera masitepe onsewo, ndikafika pamwamba ndikatchula dzina lanu. Palibe amene akandibereke.