Kabazi Amene Ndinamusiya pa Mlatho

Zaka zija malasha a ku Moatize atapenga, mu Tete munali mitundu iwiri ya anthu: olandira kabazi ndi oonerera kabazi akudutsa. Kabazi ndi katoni ya Natale, Khrisimasi ya kuno, imene makampani amapatsa antchito awo. Mumakhala mpunga, mafuta ophikira a azeti, vinyo, ndi bakayawo, nsomba youma gwa ngati thabwa. Ine ndinali woonerera. Ndinkagulitsa mbatatesi ndi kabichi wochokera kwathu ku Angónia, ndipo pamsika ankandidziwa kuti ndikayamba kunenerera, mwini katundu amatsala akupepesa.

Wolandira anali mkamwini mnzanga, amene anakwatira mng'ono wa akazi anga. Kuno timaitanana kuti kunyadu. Ntchito yake inali kuyendetsa galimoto yothira madzi m'misewu ya mumgodi kuti fumbi ligone. Kuthirira fumbi basi! Koma ovolosi yake ya mizere yowala ankaivala ngakhale popita kogula mchere, ndipo anthu ankamupatukira ngati dokotala. Ine amene ndimadyetsa mzinda, ankandiitana kuti "a mbatatesi".

Apongozi ankatsika kuchokera ku Tsangano pa Natale iliyonse, ndipo zaka ziwiri zotsatizana anafikira kwa kunyadu, kudera la Filipe Samuel Magaia, kumene madzi amatuluka mu jeleira, firiji ija, atazizira mpaka kupweteka mano. Chaka chachitatu akazi anga anadula nkhani.

"Ulendo uno amayi afikira kuno. Mwana wamkulu ndine. Ndawauza kale kuti kabazi aliponso kwathu."

"Mwawauza chiyani?"

"Si inu mumati mu Tete mulibe chinthu chimene simungachipeze pa theka la mtengo? Chipezeni."

Anapaka njereza kachipinda kathu ka kudera la Samora Machel, nagula matiresi atsopano oti mayi awo adzagonere. Matiresiwo anawaimika kukhoma ali m'pepala lake, ndipo ndikalowa m'nyumba matiresiwo ankandiyang'ana ngati wapolisi.

Amene sanakhalepo ku Tete mu Disembala sadziwa kuti munthu angathe kutuluka thukuta ali chikhalire pamthunzi. Onjezanipo nkhawa. Chilungulira chinamanga msasa pachifuwa panga. Ndikaona munthu atasenza katoni, mtima unkagunda ngati ndaba. Ndinayamba kukalipira makasitomala, ine amene ndimaseka ndi munthu pomwe ndikumumeta. Anzanga ena nkhawa amaitsitsa ndi mowa, ena ndi pemphero. Mankhwala anga anali kutsikira ku Nhartanda, kumadimba kumene kumapitako kamphepo, n'kukanenerera letesi amene sindinkamufuna. Ndikamutsitsa mtengo mpaka mayi wogulitsa atagwira pakamwa, ndinkathokoza n'kumapita chimanjamanja, pachifuwa patapepuka. Amayi a kumeneko anafika pondizindikira. Ndikamatulukira ankauzana kuti, "Wodwala uja wabwera."

Nzeru ndinali nayo. Antchito a mumgodi ochokera kutali sankafuna kuvutika ndi katoni m'basi popita kwawo, choncho ena ankagulitsa kabazi wawo chakumlatho. Kutatsala masiku awiri ndinapita kumeneko, ndalama zili m'sokosi. Ndinene poyera, popeza ndi pamene pagona uchitsiru wanga: ndalamazo zinali zokwana.

Ndinapeza bambo wina wa ku Beira atakhalira katoni yake, chikwama cha ulendo chili pambali. Anatchula mtengo. Ndinaseka kuseka kwanga kwa pamsika, ndikumenya ntchafu.

"Achimwene, mukugulitsa katoni kapena mgodi wonse?"

"Tsegulani muone."

Ndinatsegula. Fungo la bakayawo linandilowa mpaka m'maondo, koma nkhope ndinaikwinya.

"Nsomba iyi inafa chaka chiti?"

"Kafunseni patarau, bwana wa kampani."

"Nanga vinyoyu ngwakumwa kapena ngwotsukira mabala?"

"Akulu, basi yanga inyamuka. Mukugula?"

Ndinatchula theka. Iye anatsitsa pang'ono, kakhutu chabe. Munthu wanzeru akanavula nsapato pomwepo n'kulipira. Koma ine ndinali ndisanagulepo chinthu osayamba ndachoka. Ndi mmene tinaphunzirira: umabweza katundu mwaulemu, umapukusa mutu, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Usanapite patali wogulitsa amakuwa kuti, "Bwerani, tengani!" Njira imeneyi inali isanandichititsepo manyazi, kuyambira ku Ulongwe mpaka kuno.

Ndinayenda. Kumbuyo kuli zii. Ndinaima n'kukanda mwendo. Zii. Ndinayang'ana Zambezi ngati ndikumuona koyamba. Nditatembenuka, galimoto yoyera ya kambendera pamwamba, zija za mumgodi, inali itaima pamene ndinaima ine. Mayi wina anatulutsa dzanja pawindo, katoni n'kukwera kumbuyo. Sanatsegule n'komwe! Sanafunse kuti nsomba inafa liti!

Ndinathamanga, ine wa mimba yanga.

"Achimwene, tinali tisanamalize!"

"Inu munamaliza. Si munapita?"

Anakoleka chikwama paphewa. Ndinazungulira pamlatho ponse tsiku limenelo ndi mawa lake, koma makatoni anali atatha. Tete amene ndinkamudziwa, woitana munthu akamachoka, malasha anali atamugula kale, ine osamva.

Kunyumba akazi anga anayang'ana manja anga.

"Ndalama zinaperewera?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Amadulitsa."

Ndinati tigule mbuzi, popeza mbuzi ya ku Tete imatchuka mpaka ku Maputo. Anati iwo sanalonjeze mbuzi, ndipo sangaimirire pamaso pa mayi awo ngati wabodza, mng'ono wawo akumwetulira pambali. Anaimba foni, n'kunena kuti kwathu madzi avuta, amayi afikire kwa kunyadu konko. Kenako analoza kukhoma.

"Senzani. Akagonere amayi."

Ndinadutsa mzinda dzuwa lili paliwombo, matiresi ali pamutu. Kunyadu anandilandira pageti atavala ovolosi, botolo la madzi ozizira lili m'manja.

"Kunyadu, bwanji osandiuza? Ndikanatumiza galimoto!"

Madziwo ndinamwa. Anali okoma, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa khosi.

Chodabwitsa n'chakuti chilungulira chinatha tsiku lomwelo. Chimene ndinkaopa chinali chitachitika, panalibenso choti mtima ugundire. Nsanje yokha ndiyo inatsala, ndipo inadya nane Natale. Ndinaona kunyadu akutsegula vinyo ngati anafinya yekha mphesazo. Ndinaona apongozi akumuwomberera m'manja. Bakayawo ndinadya mbale ziwiri, ndikuuza aliyense kuti mchere wachuluka.

Tsiku lobwerera, tinaperekeza apongozi kokwerera shapa, minibasi ya ku Tsangano. Anakokera akazi anga pambali, koma mawu awo ndi a kumapiri, samanong'ona.

"Iwe, za madzi zija unanama. Ine ndimafuna kugona kwa mwana wanga wamkulu. Za makatoni ndi zanu za m'tauni."

Akazi anga anayamba kulira. Ine ndinayang'ana apongozi. Ankanena zimenezo atakumbatira chitini chachikulu cha mabisiketi chimene kunyadu anawapatsa, ndipo wonyamula katundu atafuna kuchiika padenga, anamumenya dzanja.

Akazi anga anandiyankhulanso bwinobwino mu Janyuwale, mvula itagwa.