Kuseri kwa Khadi

Pachipatala chonse panalibe wowatchula dzina lawo lenileni. Kuyambira alonda a pageti mpaka madokotala, onse ankangoti Anakaundula. Analowa ntchito m'chipinda cha mafayilo ali mtsikana, ndipo imvi zinawapeza momwemo, pansi pa masitepe, pomwe zenera limangokuonetsani nsapato za anthu odutsa. Fumbi la mapepala linawasiyira kachifuwa kosatha. Amuna awo ankawaseka kuti anakwatira mkazi wonunkha katoni.

Koma ntchito ankaidziwa, abale! Mukangotchula nambala ya wodwala, iwo ankatambasula dzanja osayang'ana n'komwe, fayilo n'kutuluka.

Anali ndi kachitidwe kawo kamene anaphunzira kwa bambo wokalamba amene anawapeza pantchitopo. Nthawi zambiri namwino pobweza fayilo ankanena kuti, "Uyu jakisoni uja anamutupitsa nkhope," kapena mayi wa mwana n'kudandaula pazenera kuti mapiritsi akutiakuti anamubanikitsa. Pakhadi la wodwala panalibe malo olembapo zoterezi, ndiponso lamulo linkati cholembera cha inki pakhadi n'cha dokotala yekha. Ndiye Anakaundula ankatembenuza khadilo n'kulemba kuseri ndi pensulo, mopepuka, kuti wina akakalipa afufute. Palibe anakalipapo. Anamwino onse ankadziwa kuti usanabaye munthu, tembenuza khadi.

Kenako kunabwera makompyuta. Chipatala chinagula pulogalamu yaikulu yosunga zonse za odwala, ndipo abwana atsopano analamula kuti mapepala onse ajambulidwe, akale aja akaphwanyidwe, chipindacho chikhale mosungira mankhwala. Anawabweretsera sikana, makina omeza pepala uku n'kulilavula uko atalijambula mbali zonse ziwiri. Kwa miyezi isanu ndi itatu Anakaundula ankachotsa mapini, kuwongola makona opindika, n'kudyetsa makinawo. Khadi lililonse ankaliona likutulukira pagalasi la kompyuta yawo, kumaso ndi kuseri komwe, mtima n'kukhala pansi.

Panali vuto limodzi. Pulogalamu ya sikana inalembedwa m'chilankhulo china cha makompyuta, pulogalamu yaikulu ija m'chinanso, ndipo ziwirizi sizinkamvana. Chipatala chinaitana bambo wina wa dazi, wodziwa zilankhulo zonsezo, amene analemba kapulogalamu kakang'ono kotenga zithunzi kwa sikana n'kukazipereka kwa yaikuluyo. Bambowo ankati kapulogalamuko ndi mlatho, ndipo pasanathe sabata dzina lawo linali a Mlatho.

Lachitatu lina m'mawa, namwino wamkulu wa kuwodi ya amuna anatsika masitepe ali wefuwefu.

"Anakaundula, kodi masiku ano kuseri kunatha? Ndatsala pang'ono kubaya munthu jakisoni womudana. Mwayi wake anali maso, wandigwira dzanja yekha. Ndayang'ana pakompyuta, kumaso kokha, kuseri kulibe."

"Kulibe bwanji? Ndinajambula ndekha!"

"Kaya. Ine ndanena," anatero namwinoyo, n'kukwera.

Anakaundula anali asanatsegulepo pulogalamu yaikulu ija kuti aone fayilo yakale. Ntchito yawo inkathera pa sikana. Tsopano anaitsegula. Anasankha wodwala amene ankamukumbukira bwinobwino, mayi wina wa mphumu. Kuseri kunalibe. Anatsegula wachiwiri, wachitatu, wachisanu. Zii.

Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangodutsa naini koloko. Lole ya kampani yophwanya mapepala inkabwera teni koloko kudzatenga makatoni zana otsala, amene anali ataunjikidwa kale pakhonde. Makumi anayi oyamba anali atapita Lachisanu lapitalo.

Anathamanga kukawapeza a Mlatho m'kachipinda kawo kozizira, akumwa tiyi.

"Achimwene, mlatho wanu ukugwetsa katundu."

"Iii, achemwali, m'mawa uno? Ukugwetsa chiyani?"

Anawafotokozera. A Mlatho anayamba ndi kuseka, kenako anatsegula zolemba zawo zokhotakhota zija, n'kumatsika nazo pang'onopang'ono. Kusekako kunazima. Anaika kapu pansi.

"Mapepala opanda kanthu," anatero motsitsa mawu. "Kuseri kwa mapepala ambiri n'koyera. Abwana anati tisadzaze kompyuta ndi zithunzi zoyera. Ndiye ndinauza mlatho kuti tsamba likakhala loyera mbee, popanda inki yokwanira, ulitaye usaliolotse. Kodi inu mumalemba ndi chiyani?"

"Ndi pensulo."

"Mayo ine! Pensulo makina amaiona ngati fumbi. Ine poyesa ndinayesa ndi makhadi olembedwa ndi inki."

"Nanga zithunzi zimene ndinkaziona pagalasi langa?"

"Zinazo zikangooloka, zonse za kwa sikana zimafufutika. Ndinapanga choncho ndine."

"Ndiye mawu aja ali kuti?"

"Papepala pokha."

A Mlatho anapukuta dazi ndi mpango ngakhale kuti m'chipindamo munkazizira. Anayamba kulankhula mofulumira kuti kukonza n'kosavuta, mzere umodzi wokha, koma awapatse tsiku limodzi aone kaye bwinobwino asanakawauze abwana. Anakaundula anawamvetsa. Nawonso mantha anali atawagwira. Abwana atsopanowo sankadziwa za pensulo. Lamulo silinalolepo kalaliki kulemba chilichonse pakhadi la wodwala, ndipo iwo anali atalemba kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kunali kutatsala zaka zitatu zokha kuti apume pantchito. Akachotsedwa lero akauza chiyani amuna awo?

Kunja kunamveka lole ikubwerera m'mbuyo, ikulira pii, pii, pii. Inali itafika msanga, ngati kuti tsiku limenelo ndi lokhalo limene anthu anaganiza zosunga nthawi.

Anakaundula sanadziwe kuti masitepe anawakwera bwanji. Anapeza amuna awiri a yunifomu atakweza kale makatoni atatu. Anapita n'kukhala pamwamba pa katoni yachinayi, thukuta kamukamu.

"Mayi, tadzukani, tili pantchito."

"Sindidzuka. Tsitsaninso atatuwo."

"Asa! Inu ndinu ndani?"

"Kaitaneni abwana, akuuzani."

Anthu anayamba kuunjikana. Ena ankanong'onezana kuti fumbi lija lawafika kumutu. Koma iwo sanasunthe. Abwana anatulukira, mayi wamtali wa magalasi, wosakonda phokoso.

"Amayi, chikuchitika n'chiyani pano?"

Anakaundula anaimirira, anang'amba tepi ya katoni ndi chikhadabo, n'kusolola makhadi angapo. Anatembenuza loyamba, loyera. Lachiwiri, loyera. Anayamba kuganiza kuti mwina apenga zoona. Khadi lachisanu ndi chimodzi linali ndi timawu totuwa pakona. Analipereka kwa abwana ndi manja awiri.

"Bwana, ndinalemba ndine. Sizinali zololedwa, ndikudziwa. Koma anamwino amadalira zimenezi, ndipo pakompyuta palibe. Mundichotse ngati mukufuna, koma makatoniwa asapite."

Abwana anavula magalasi, anayandikitsa khadilo kumaso, n'kuwerenga. Anafunsa ngati zinali zoona kuti pakompyuta palibe. A Mlatho, amene anali atafika mwakachetechete n'kuima kumbuyo kwa anthu, anayankha okha.

"N'zoona, bwana. Mlatho wanga ndi umene unataya."

"Tsitsani makatoniwo," anatero abwana kwa amuna a lole aja. Kenako anatembenukira kwa Anakaundula. "Za pensulo tikambirana tsiku lina. Nanga amene anapita Lachisanu?"

Abwanawo anaimba foni kukampani ija pomwepo, aliyense akumva. Anamvetsera kwa kanthawi, n'kunena kuti zikomo. Kampaniyo inkanyadira kuti sigoneka ntchito. Makatoni makumi anayi aja anaphwanyidwa tsiku lomwelo.

Masana a Mlatho anakonza mzere wawo umodzi uja, ndipo sikana inayambanso kumeza makhadi a m'makatoni opulumuka. Koma abwana anati wina agwire zimenezo. Abwanawo anawakhazika Anakaundula patebulo ndi mndandanda wa odwala onse a m'makatoni ophwanyidwa, anthu zikwi zitatu ndi mazana angapo, kuti alembe aliyense amene akumukumbukira kuti kuseri kwa khadi lake kunali mawu.

Anayamba bwino. Mayi wa mphumu uja. Mphunzitsi amene anatuluka matuza thupi lonse. Mapasa aja, mmodzi yekha, wamkuluyo. Dalaivala wa basi. Pofika folo koloko anali atalemba anthu khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo ankadziwa mumtima kuti analembapo oposa zana.

Ndiye anakumbukira mayi wina. Anabwera pazenera nthawi ya mvula, zaka zinayi kapena zisanu zapitazo, atabereka mwana wamkazi wa milomo yotupa. Anagwira Anakaundula dzanja n'kunena kuti, "Mulembe ndithu, amayi. Ine sukulu sindinapite, dzina la mankhwalawo sindingalisunge. Ndikudalira inu." Anakaundula analemba, mayiyo akuyang'ana.

Nkhope ya mwanayo ankaiona, kachipewa kofiira, khutu limodzi loboola, koma dzina lake linawathawa. Anatsika ndi chala pamndandanda wonse, tsamba ndi tsamba, akutchula maina chapansipansi kuti mwina lina liwagunda pamtima. Anafika kumapeto. Anabwerera poyamba.

Anzawo akuweruka, namwino wamkulu uja anasuzumira pakhomo.

"Anakaundula, simukupita kunyumba?"

"Pali mwana wina, achemwali," anatero osadzutsa mutu. "Mayi ake akudziwa kuti ndinalemba."